Kodi Wophunzira Afanane ndi Mmisiri Wace?

M'dziko la Mfumu Maseya, ku Chikwawa, ndi m'midzi ya m'cigwa ca Shire kufikira ku Nsanje, muli coimbira dzina lace ulimba. Asena amati valimba. Pa ulimba umodzi pamaima anthu atatu: wina aimba mau ang'ono, wina apakati, wina akuru.

Mnyamata wofuna kuphunzira sayamba ndi kuimba ai. Ayamba wakhala pambali, maso ali pa manja a mmisiri. Aona umo asemera timatabwa ta ulimba: akapala kunsi capakati, liu litsika, akapala kunsonga, liu likwera. Aona umo asankhira cikho coyenera kathabwa kali konse, naboola kabowo pa cikhoco, namatapo kansaru koyera ka kangaude kuti liu linjenjemere. Zambiri za izi mmisiri sazinena ndi pakamwa. Zipita zaka, ndipo munthu wakumva ulimba usiku ali patali sadziwanso ngati woimbayo ndi mkuru kapena mwana.

Apa ndipo pabuka mlandu. Tsiku lina mnyamata uja aikapo kaimbidwe kace kace pa nyimbo yakale. Mmisiri akwinya nkhope nati, “Sindinakuphunzitse cotero.” Kodi mwanayo wacita mwano?

Mkuruyo ali ndi cifukwa cace, ndipo si cacing'ono. Nyimbo za ulimba sizisungidwa m'buku; zikhala m'manja mwa anthu. Wosintha nyimbo asanaidziwe bwino ataya cinthu cimene mudzi sudzacipezanso, ndipo kawiri kawiri wotereyo athawa nchito yobvuta, ulesi wace naucha luso.

Koma ulimba womwewo utsutsa mkuru woumirira. Anthu atatu aja akamenya cimodzimodzi, nyimbo palibe. Wapakati ayenera kumva mipata imene mnzace wasiya, naikamo mau ace. Cotero mmisiri amene afuna kuti mwana akhale cithunzithunzi cace cabe adzimana yekha mnzace woimba naye. Iye mwini angakumbukire kuti womphunzitsa wace anakwinyanso nkhope tsiku lina. Akale anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Komatu sacoka m'dziwe loyamba asanadziwe kusambira.

Nkhani yotere inaoneka kumtunda kwa mapiri, m'mudzi wa Singano ku Chileka. Kumeneko kunali anyamata awiri apacibale, Daniel ndi Donald Kachamba. Ali ana anakhala ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, namva nyimbo za kwela zocokera ku Johannesburg. Daniel, wamkuru, anali katswiri wa gitala, ndipo mng'ono wace anakulira m'mbali mwace. Koma Donald anadziwika ndi citoliro, cimene cinayenda pamwamba pa gitala ya mbale wace monga mau ang'ono a ulimba ayenda pamwamba pa akuru. Nyimbo za ku Johannesburg zija sanazisiye monga anazipeza. Anapeka zao m'cinenero ca kwao. Mu 1967 Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anawamva ku Blantyre, ndipo pambuyo pace anakaimba ku Ulaya.

Daniel anamwalira mu 1987. Donald anapitiriza kupeka nyimbo zace, ndipo mu 1999 anaitanidwa ku Los Angeles kukaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite, amene anaimba naye pamodzi m'gulu limodzi. Iye anamwalira mu 2001.