Tebulo ndi Mkazi, Nanga Mlongo Wanga?

Ndili mu Giredi 5 ndinaimirira m'kalasi ndi kunena kuti, "My mother, he is selling tomatoes." Anzanga onse anafa nako kuseka. Aphunzitsi anandifunsa ngati amai ali ndi ndevu. Ndinacita manyazi, koma sikuti ndinali wogona. Mu Cinyanja "iye" ndi iye cabe, kaya ndi amai kaya ndi atate.

Ku sekondale ndinakumana ndi Cifalansa. Kumeneko ngakhale tebulo ili ndi mbali yake: "la table" ndi mau acikazi, "le livre", buku, ndi acimuna. Mau ofotokoza nawonso asintha: mnyamata ndi "petit", mtsikana ndi "petite". Mu Cipwitikizi, cimene anansi athu a ku Mozambique akamba, mwamuna poyamika ati "obrigado", mkazi ati "obrigada".

Pa zinthu zopanda moyo palibe mlandu. Nyanja mu Cifalansa ndi "la mer", yacikazi, koma mu Cipwitikizi ndi "o mar", yacimuna, ngakhale mau onse awiri anacokera ku liu limodzi la Cilatini, "mare". Madzi sadandaula. Cizungu cakale naconso cinali ndi magulu atatu a maina, ndipo liu lakuti "wif", mkazi, silinali m'gulu lacikazi. Pambuyo pake magulu aja anatha, kunangotsala "he", "she" ndi "it".

Mlandu uyamba pamene tikamba za anthu. Mu Cifalansa, akazi akakhala 99 ndi mwamuna mmodzi, gulu lonse lichedwa "ils", liu lacimuna. Bungwe la Académie française, limene liyang'anira Cifalansa kuyambira 1635, linalandira membala woyamba wamkazi, Marguerite Yourcenar, mu 1980. Maina acikazi a nchito linawavomereza mu 2019.

Nditadziwa izi ndinayamba kudzitama. Ndinati ife tilibe tsankho: mphunzitsi ndi mphunzitsi, dokotala ndi dokotala. Tsiku lina madzulo ndinauza mlongo wanga zimenezi. Ine ndinali pa mpando ndi buku, iye anali atangotula cigubu ca madzi ndipo anali kukoleza mbaula. Anandifunsa kuti, "Acimwene, nanga n'cifukwa ciani inu mudzakwatira koma ine ndidzakwatiwa?"

Ndinasowa coyankha. Mwamuna acita, mkazi acitidwa. Zimene Afalansa anaika pa dzina, ife tinazibisa mu mneni. Ndipo mnyamata akalira timamuuza kuti aleke kulira monga mkazi, ngakhale kuti "iye" wathu sasankha.

Kodi cinenero ndico cipanga anthu kukhala osalungama? Ndiona kuti ai. Cikanakhala tero, mu komboni mwathu atsikana ndi anyamata akanagawana nchito mofanana kuyambira kale. Koma sindinganenenso kuti mau alibe kanthu. Mwana amene amva tsiku ndi tsiku kuti iye "adzatengedwa" akula akuyembekeza womutenga. Mau sayambitsa khalidwe, koma alizoloweretsa mpaka tileka kuliona.

Sindingasinthe galamala ya Paris, ndipo liu lakuti "kukwatiwa" silidzatha cifukwa ca ine. Komabe tili nalo kale lina: "kukwatirana", pamene onse awiri acita. Ndilo ndimagwiritsa nchito masiku ano. Mlongo wanga ati liulo n'labwino, koma cigubu cikali kulema cimodzimodzi. Ndiye pa Ciwiri ndi pa Cisanu, ku pompi ndimapita ndine.