Mwana wamasiye ngwa yani?

Chichewa chathu chilibe liwu lotchulira zimene azungu amachita akatenga mwana wa eni n'kukamulembetsa kukhoti kuti ndi wawo mpaka kalekale. Ife timadziwa kulera. Mayi akamwalira, mwana amapita kwa mayi ake aang'ono, kwa agogo, kaya kwa amalume, ndipo ngakhale akulire kutali chotani, aliyense amadziwa kuti kwawo n'kwakuti, mfunda wake ndi wakuti. Wolera sakhala mwini. Ndiye mzungu akanena kuti "timutenge", womasulira n'kuuza agogo kuti "akulelerani", chala chimene agogowo adinde papepala chavomereza chiyani?

Ndikufunsa izi poganizira mabanja a amishoni amene timawaona ku Liwonde, ku Ntaja ndi pa Balaka pomwe pano. Limodzi mwa mabanjawa ndinachezapo nalo. Akhala kuno zaka, Chiyao amachiyesa ndithu, amaphikitsa phala kusukulu yamkombaphala, ndipo mayi wa m'banjamo wakhala akudzuka usiku kuyamwitsa m'botolo khanda lomwe mayi ake adatsikira kulichete pobereka. Tsopano nthawi yobwerera kwawo yayandikira, ndipo akupemphera kuti Mulungu atsegule njira, mwanayo apite nawo. Chikondi chawo sindikuchikayikira ayi. Amene wachapapo matewera pakati pa usiku sitingamunene kuti ndi wakuba. Koma chikondi pachokha sichimupatsa munthu umwini.

Tiyambe ndi liwu loti wamasiye. Mabungwe akuluakulu, ngakhale UNICEF, amawerenga mwana yemwe wataya kholo limodzi lokha kuti ndi wamasiye. Mkhristu wa ku America akamva liwuli mumpingo mwawo, amaona kamwana kali kokhakokha padziko lapansi. Chonsecho ku Machinga, komwe mwana amawerengedwa kuchikazi, khanda lotere lili ndi mwinimbumba wake, lili ndi malo olima omwe akulidikira, lili ndi dzina lomwe linaperekedwa mwina ndi shehe. Chimene lasowa ndi mkaka ndi ndalama yogulira mkakawo. Mwana yemwe Madonna adatenga ku Mchinji mu 2006 bambo ake adali moyo. Adakamusiya kunyumba ya ana amasiye chifukwa cha umphawi, mkazi wawo atamwalira.

Lamulo lathu la nkhaniyi lidalembedwa ndi atsamunda mu 1949, ndipo lidati wofuna kutenga mwana akhale munthu wokhala m'dziko muno. Mu Epulo 2009 Justice Esme Chombo adaima pomwepo n'kumukaniza Madonna mwana wachiwiri, poopa kuti khomo likatsegukira mmodzi, ozembetsa ana adzalowera pomwepo. Mu Juni chaka chomwecho Khoti la Suprimu lidagamula mosiyana. Mantha a mayi Chombo sadali a chibwana. Ku Chad mu 2007 bungwe la ku France la Zoe's Ark lidagwidwa likufuna kukweza ndege ana 103, ambiri mwa iwo ali ndi makolo. Ku Haiti, chitangochitika chivomezi cha 2010, amishoni 10 a Baptist ochokera ku America adamangidwa pamalire ali ndi ana 33. Ethiopia idatopa nazo, n'kutseka khomo lonse mu 2018.

Komatu tisadziyeretse. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma tonse tikudziwa zimene zimachitika maliro akangotha: achibale kulimbirana malata ndi njinga, ana n'kuwaiwala. Tawaona ana amasiye atasanduka antchito m'nyumba za azakhali awo, anzawo ali kusukulu iwo ali pamjigo. Alipo makanda otayidwa omwe mbale wawo sadzapezeka, alipo ana olumala omwe mudzi umawayang'ana cham'mbali. Edzi itatikutumula m'zaka za m'ma 1990, agogo ena adatsala ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri, khasu limodzi. Munthu wovala tayi ku Blantyre n'kumakuwa kuti ana athu asapite kunja, iye asadalerepo ngakhale mmodzi, ameneyo ine sindimumvera. Kwa mwana amene alibiretu wina aliyense, banja la ku Texas liposa chipinda cha mabedi makumi awiri ndi olera osinthana. Ngakhale pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa ana la 1990 likuvomera zotengera mwana kunja, bola njira zina zonse zitakanika.

Vuto langa lili pa mawu oti "zitakanika". Ndani adayesa? Ndalama zomwe zimapita kwa maloya, kumapasipoti ndi kumatikiti a ndege, zikadapita kwa mayi aang'ono a mwanayo ngati mkaka ndi feteleza, kodi akadamukana mwana wa mchemwali wawo? Pa Balaka pano ansembe a chi Montfort adaonetsa kale kuti njira ina ilipo: mabanja a ku Italy amathandiza mwana ali kutali, fizi ndi zofunika zina zimabwera, mwana n'kumagonabe m'nyumba ya abale ake. Njirayi ili ndi zofooka zake, imatizoloweza kutambasula dzanja, koma siidula mchombo.

Palinso nkhani ya chipembedzo, imene ambiri amaopa kuitchula. Machinga ndi dera la Asilamu ambiri. Mmishoni adabwera kudzalalika Yesu, sabisa, ndipo mwana wokulira m'nyumba mwake adzakhala Mkhristu. Kwa iye chimenecho ndi chipulumutso. Kwa amalume a mwanayo ndi kutayika kwachiwiri. Wamkulu ukamulalikira amatha kukana, n'kubwerera kumzikiti madzulo ake. Khanda silikana.

Zakale zimatiuza kuti nkhaniyi sinayambe lero. Chuma, mnyamata wa Chiyao yemwe adamasulidwa kwa ogula akapolo mu 1861 n'kukakhala ndi amishoni ku Magomero, Livingstone adapita naye ku Bombay mu 1864. John Chilembwe adapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, n'kubwerera mu 1900. Onsewa adachoka akudziwa chinenero chawo, ndipo njira yobwerera adaiona. Mwana wa miyezi isanu ndi itatu amachoka alibe ngakhale liwu limodzi la kwawo.

Banja lija ndikadakhala woweruza sindikadalithamangitsa. Ndikadayamba ndaitana mbumba yonse pabwalo la amfumu, womasulira akhale wa boma osati wolipidwa ndi ofuna mwanayo, n'kuwauza agogo m'Chiyao chomveka kuti mwanayu asintha dzina, sadzavinidwa kuno, sadzabwera patchuthi, ndipo tsiku la maliro anu mwina uthenga sudzamupeza. Akamva zonsezo n'kunenabe kuti apite, ndikadasaina. Koma ndikukayika ngati agogo ambiri a ku Nsanama angafike nawo kumapeto a chiganizo chimenecho chala chili m'mwamba kudikira inki.