Kodi Mwana Ngwa Yani?

M'midzi yambiri ya ku Machinga ndi Balaka mwamuna amakhala chikamwini. Ukwati ukatha, iye amabwerera kwawo, ana natsala m'manja mwa mayi wawo ndi malume wawo, amene ndiye mwinimbumba. Kodi tsono bambo wobala alibe mawu pa mwana wake?

Mawu ali nawo. Lamulo losamala ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 limlola kukapempha mwanayo ku bwalo la milandu ya ana. Koma woweruza safunsa kuti mwini wake ndani. Amafunsa kumene mwana adzakula bwino, nakumbukiranso kuti wamng'ono amafuna mayi wake. Bambo akakanizidwa, angapatsidwebe masiku omuona, ndipo udindo womdyetsa sumchoka.

Lamuloli nlanzeru, pakuti mwana si mbuzi yolimbirana. Kubala kokha sikugula mwana, ndiponso mwambo sungafafanize bambo. Bambo amene anathamangira ku chipatala mwana ali ndi malungo, natumiza chimanga m'nyengo ya njala, ayenera kumvedwa. Koma amene anasowa zaka zitatu ayambe wafunsa mtima wake: kodi afuna mwanayo, kapena afuna kupweteka mayi wake?