Mtengo wa Njinga ya Mnzathu

Tiyerekeze kuti mnzathu wa ku Lirangwe, amene amachita kabaza, watipeza kuno ku Chileka ndi pempho. "Achimwene, za pafonizi mumazidziwa ndinu. Mundiikire njinga yamotoyi pa Facebook, mundiuzenso mtengo wake. Mwana akufunika fizi sabata yamawa." Kenaka watsitsa mawu: "Koma zoti injini imadya oyilo musalembe."

Kodi tikavomera pempho lonseli tamuthandiza?

Tiyambe ndi mtengo. Ndalama imene anagulira njingayi singatitsogolere, pakuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Njinga yogwiritsidwa kale ntchito ikhoza kugulitsidwa lero ndi makwacha ambiri kuposa amene inagulidwira. Choncho tifufuze: tione mitengo ya njinga zofanana nayo pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, tifunse akabaza anzake, ndiponso makaniko wa ku Lunzu atiuze ndalama yokonzetsera injiniyo. Mtengo wachilungamo ndi wa pamsika, kuchotsapo wa chilemacho.

Tikadziwa mtengowo, yesero loyamba limagwera ife. Mnzathu sakuudziwa, ndipo ali pachangu. Nkosavuta kumuuza mtengo wotsika, ife n'kuikapo yathu pamwamba ngati madobadoba, kapena kuigula tokha motchipa. Kulandira kangachepe pa ntchito imene tagwira si kulakwa, malinga tagwirizana naye poyera. Kudyerera munthu amene watikhulupirira ndiye kulakwa.

Yesero lachiwiri ndi lovuta koposa, chifukwa limaoneka ngati chikondi. Mnzathu tikumuona, mwana wake tikumudziwa, pamene wogula ndi nambala chabe ya pafoni. Komatu kuseri kwa nambalayo kuli munthu, mwina mnyamata amene watenga ngongole ku banki m'khonde kuti naye ayambe kabaza. Injini ikamufera pakatha mwezi, vuto la mnzathu tangolisamutsira pakhomo la wina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wina anganene kuti wogula ali ndi maso, adzionere yekha. Pamsika wa Lirangwe munthu amaigwira njinga, amailiza, amaiyendetsa. Pa intaneti amayamba wakhulupirira zithunzi ndi mawu amene talemba ife. Tikabisa chilema chimene tikuchidziwa, tamunamiza ngakhale sitinalembe bodza ndi limodzi lomwe.

Kukana bodza sikutanthauza kumusiya mnzathu. Tingamuuze mwaulemu kuti: "Achimwene, ndikuthandizani ndi mtima wonse, koma za injini tilemba." Kenaka tiijambule bwino njingayo, titchule zabwino zake zonse, tikumane ndi wogula masana pamalo oonekera, ndipo ngati akulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, tione kaye kuti ndalama yalowadi tisanapereke makiyi, pakuti mauthenga onama alipo.

Mwina njingayo ichedwa kugulidwa. Mwina mnzathu atikwiyira. Tisadzinamize kuti choonadi sichipweteka. Ngati fizi yaperewera, tikhale naye pansi tione kumene ingachokere, ngakhale kuyambira m'thumba mwathu.

Tikambirane:
1. Kodi kukhala chete kumasanduka bodza pa nthawi iti?
2. Mnzathu akaumirira kuti tibise chilemacho, tichite chiyani kuti tisunge ubwenzi ndi choonadi chomwe?