Zaka zolera ana pa CV: kodi ndi mpata kapena ndi ntchito?

CV ndi pepala limene munthu wofunsira ntchito amalembapo maphunziro ake ndi malo amene anagwirako ntchito, motsatira zaka. Kalembedwe kameneka kamayenerana ndi munthu amene moyo wake wayenda mosadukiza, kuchoka kusukulu kupita ku ntchito yoyamba, kenako yachiwiri. Mayi amene anasiya ntchito yolipidwa kuti alere ana, n'kufuna kubwerera patapita zaka 5 kapena 10, amapeza kuti pepalalo lilibe malo oikapo zaka zimenezo. Olemba anthu ntchito amangoti pali mpata. Pamenepa pamabuka mafunso awiri akale kwambiri kuposa CV yeniyeniyo. Loyamba ndi lakuti kodi kulera ana ndi ntchito. Lachiwiri ndi lakuti kodi munthu angasiye kunena zochuluka bwanji za moyo wake asanasanduke wabodza.

Akatswiri a zachuma akhala akuyankha funso loyambali ndi ayi kwa nthawi yaitali. Mu 1776, Adam Smith anagawa ntchito pawiri, yowonjezera chuma ndi yosawonjezera, ndipo ntchito ya wantchito wa m'nyumba anaiika m'gulu lachiwiri chifukwa imatha pomwepo osasiya chinthu chogulitsika. Mu 1920, Arthur Pigou anaonetsa kupotoka kwa mawerengedwe otere: mwamuna akakwatira mkazi amene ankamulipira pomusamalira pakhomo, chuma cha dziko chimaoneka ngati chatsika, ngakhale mkaziyo akugwirabe ntchito yomweyo. Marilyn Waring, amene anali phungu wa nyumba ya malamulo ku New Zealand, anatsutsa mwamphamvu mawerengedwe amenewa m'buku lake la mu 1988 lotchedwa If Women Counted. Pamene United Nations inakonzanso dongosolo lowerengera chuma cha mayiko mu 1993, kutunga madzi ndi kutola nkhuni kunalowa m'kaundula, koma kuphika ndi kusambitsa mwana kunatsalabe kunja. Lipoti la International Labour Organization la mu 2018 linapeza kuti amayi ndi amene amagwira maola opitirira magawo atatu mwa anayi a ntchito yosamalira ena yosalipidwa pa dziko lonse, ndipo amayi 606 miliyoni a msinkhu wogwira ntchito anali kunja kwa ntchito yolipidwa pa chifukwa chimenechi, pamene amuna anali 41 miliyoni.

Hannah Arendt, m'buku lake la mu 1958 lotchedwa The Human Condition, anasiyanitsa ntchito yosunga moyo, imene imabwerezedwa tsiku ndi tsiku, ndi ntchito yopanga zinthu zokhalitsa. Nsima yophikidwa masana imadyedwa masana omwewo, thewera lochapidwa m'mawa limadanso madzulo. CV inapangidwira ntchito yachiwiriyo: imafuna zinthu zoloza ndi chala, monga nyumba yomangidwa kapena katundu wogulitsidwa. Komabe kulera mwana sikukwana bwino m'gulu loyambalo, chifukwa pa mapeto a zobwerezabwereza zonsezo pamaima munthu wodziwa kulankhula, kudziletsa ndi kukhala ndi anzake, ndipo munthu ameneyo ndi amene kampani idzamulembe ntchito mtsogolo popanda kulipira amene anamuumba.

Chiphunzitso chachikhristu chinayankha funsoli mwa njira ina. Mkazi wofotokozedwa pa Miyambo 31 amadyetsa a pabanja pake, amagula munda, amaomba nsalu n'kuzigulitsa, ndipo wolembayo salekanitsa zobweretsa ndalama ndi zosabweretsa. Mu 1522, Martin Luther analemba za ukwati n'kunena kuti ngakhale bambo wochapa matewera mwa chikhulupiriro akuchita ntchito yokondweretsa Mulungu. Papa John Paul II, m'kalata yake ya mu 1981 yotchedwa Laborem Exercens, anaphunzitsa kuti ulemu wa ntchito umachokera mwa munthu woigwirayo, ndipo anapempha kuti ntchito ya amayi yolera ana ipatsidwe ulemu wake, komanso kuti amayi asasalidwe pa ntchito zimene angazikwanitse. N'zoona kuti mawu otamanda umayi akhala akugwiritsidwanso ntchito potsekera amayi pakhomo, ndipo kutamanda sikugula ufa. Koma mfundo ya chiphunzitsochi imaimabe: malipiro si amene amapatsa ntchito ulemu.

Msika wa ntchito suona choncho. Mu 2007, Shelley Correll ndi anzake ku United States anatumiza kwa olemba ntchito makalata ofanana m'zonse kupatula chizindikiro chimodzi chosonyeza kuti wofunsirayo ali ndi ana. Amayi opanda ana anaitanidwa pafupifupi kawiri kuposa amayi a ana, pamene abambo a ana sanataye kanthu. Kafukufuku wa Katherine Weisshaar wa mu 2018 anapeza chinthu chowawa kwambiri. Mwa amayi 100 alionse amene anali pa ntchito, pafupifupi 15 anaitanidwa. Mwa amene ntchito inawathera, pafupifupi 10. Mwa amene anakhala pakhomo kulera ana, 5 okha. Vuto likanakhala kuiwala luso, magulu awiri omalizawa akanafanana. Chimene wolemba ntchito amaweruza ndi mtima wa munthuyo: amakayikira amene anaonetsapo kuti pali chinthu china chimene amachiika patsogolo pa ntchito.

Apa mpamene funso la chilungamo limalowa. Kutalikitsa zaka za ntchito yakale kuti mpata utsekeke ndi bodza, ndipo palibe zokambirana zambiri. Chovuta ndi kusanja pepalalo m'njira yoti mpatawo usaonekere. Augustine wa ku Hippo, amene sankalola bodza la mtundu uliwonse, ankasiyanitsabe kunama ndi kusaulula, ndipo Thomas Aquinas anatsatira maganizo omwewo ponena kuti munthu angasunge choonadi mwanzeru koma asanene chonama. Kafukufuku wina ku Britain anasonyeza kuti kulemba kuchuluka kwa zaka zimene munthu anagwira pa ntchito iliyonse, m'malo mwa chaka choyambira ndi chomalizira, kunawonjezera mwayi woitanidwa ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi CV yoonetsa mpata. Zonse zolembedwa pa pepala lotere ndi zoona, ndipo wolemba ntchito sabisidwa chimene ali ndi ufulu wochidziwa, chomwe ndi luso ndi kutalika kwa nthawi imene munthuyo analigwiritsa ntchito. Malire ake ali pa funso lachindunji: akafunsidwa pa intaviyu chaka chimene anasiyira ntchito, yankho liyenera kukhala loona.

Njira ina imene alangizi ambiri amaikonda ndi yopatsa umayi maudindo a mu ofesi. Mayi amalangizidwa kudzitcha woyendetsa chuma cha pabanja, wothetsa mikangano, kapena mkulu wa kampani ya pakhomo. Njirayi imaoneka ngati yolemekeza mayi, koma poiyang'anitsitsa imavomereza maganizo akuti ntchito ilibe phindu pokhapokha itafanana ndi ya pa msika. Mayi wochezera usiku wonse ndi mwana wodwala malungo sachita zimenezo kuti aphunzire kupirira pa ntchito, ndipo kuzilemba choncho ndi kuchepetsa chimene anachita. Wowerenga CV nayenso amazindikira msanga kuti akukometseredwa, n'kuyamba kukayikira ndi zina zonse zolembedwapo. Mzere umodzi wosapita m'mbali, wonena zaka ndi kuti anali kulera ana, umalemekeza zaka zimenezo kuposa maudindo obwereka, ndipo supepesa kwa wina aliyense. Tsamba la LinkedIn linavomereza kalembedwe kotere mu 2022 pamene linaika malo olembapo nthawi yopumira ntchito, kuphatikizapo yolera ana.

Izi sizitanthauza kuti zaka zimenezo zilibe choika pa pepala. Ku Malawi, mayi wokhala pakhomo kawirikawiri amakhalanso msungichuma wa banki m'khonde, mlembi wa Mvano kapena wa gulu lina la amayi kutchalitchi, membala wa komiti ya sukulu, kapena mwini geni ya kaunjika imene ankaisungira mabuku. Amenewa ndi maudindo enieni, okhala ndi anthu oti angachitire umboni, ndipo kuwalemba ndi mayina ake si kukometsa. Lamulo la Employment Act la mu 2000 limaletsa kusala wofunsira ntchito chifukwa cha udindo wake pabanja, ndipo limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata 8 cholipidwa m'zaka zitatu zilizonse. Koma lamuloli limagwira bwino ntchito pamene tsankho laonekera, pomwe CV zambiri zimakanidwa mwakachetechete, pa tebulo la munthu amene safunsidwa chifukwa chimene waziikira pambali.