Munthu Wochuka Nayenso Ndi Mnansi Wako

Masiku ano anthu akakhala pabwalo madzulo, kapena pakhonde pa sitolo, nkhani yao kawirikawiri ndi ya oyimba nyimbo ndi osewera m'kanema. Wina ati woyimba uyu aposa onse, mnzace akana. Wina ati kanema uja ngwokoma, wina ati ngwacabe. Pamenepo palibe cimo, pakuti ndiwo imene ikomera ine siikomera iwe, ndipo palibe apita nazo kwa mfumu. Koma nkhani siima pomwepo ai. Posacedwa ticoka pa nyimbo, tifika pa mwini nyimboyo: kuti ndi wacigololo, kuti cuma cace anacipeza ndi mankhwala, kuti anapha munthu. Ukafunsa kuti, Mwazidziwa bwanji? ayankha, Tinawerenga m'nyuzipepala, tinamva pa wailesi, tinaona pa foni.

Tsono pa Eksodo 20 pali lamulo lacisanu ndi cinai, lija loletsa umboni wonama. Ambiri ayesa kuti lamulo limeneli lisunga mbiri ya mnzathu wa m'mudzi yekha. Koma Mulungu sanaikepo malire a dziko kapena a cuma. Munthu wochuka amene nkhope yace tiiona pa cithunzi ali nao amai ace, ali nao moyo umene udzaima pamaso pa Mlengi monga wathu. Imvani nkhani ya mmodzi wa iwo.

M'dziko la America munali munthu dzina lace Roscoe Arbuckle, wosewera m'zithunzi zoseketsa masiku aja kanema asanayambe kulankhula. Anali wonenepa thupi, koma wopepuka miyendo, ndipo anthu anamkonda kwambiri. Ndiye amene analowetsa Buster Keaton m'nchito ya kanema. Pa 5 September 1921 anacita phwando m'hotela ya St. Francis mu mzinda wa San Francisco. Pa phwandolo mkazi wina wosewera m'kanema, Virginia Rappe, anadwala kolimba, namwalira pa 9 September cikhodzodzo cace citaphulika. Mkazi mnzace, Maude Delmont, anafalitsa kuti Arbuckle anamgwira mwa mphamvu, namphweteka. Pamenepo anamgwira munthuyo pa mlandu wa kupha.

Mlandu usanamveke, manyuzipepala anali ataweruza kale. Makamaka a William Randolph Hearst, amene anali nao ambiri m'mizinda ya dzikolo, analemba za iye tsiku ndi tsiku, popeza nkhaniyo inagulitsa malonda ao. Eni nyumba za kanema analeka kuonetsa zithunzi zace. Mabungwe a akazi ndi a mipingo anapfuula pamodzi nao, ndipo tisabise, abale, kuti ambiri a iwo anali Akristu oyesa kuti alikutumikira Mulungu. Akuru anati, Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndipo nkhonya zinagwa zambiri.

Kumeneko mlandu waukuru umveka pamaso pa anthu wamba 12, amene ayenera kubvomerezana onse. Mlandu wa Arbuckle unamveka katatu. Delmont uja, mwini cinenezo, sanamuitane konse kudzacita umboni pa mirandu itatuyo, pakuti oneneza anaona kuti mau ace sakanaima. Asing'anga anapeza kuti cikhodzodzo ca womwalirayo cinali ndi nthenda yakale. Kawiri oweruzawo sanamvane; koma kacitatu, pa 12 April 1922, anammasula m'kamphindi, nalembanso kalata ya kumpepesa. Colakwa cimene cinatsimikizika cinali ca mowa, umene unali woletsedwa m'America masiku amenewo, ndipo analipira madola 500.

Kodi mbiri yace inabwera? Iai. Atapita masiku 6, Will Hays, woyang'anira makampani a kanema, analetsa zithunzi zace. Ciletsoco anacicotsa mu December caka comweco, koma anthu sanamfunenso. Anagulitsa nyumba yace kuti alipire omnenera mlandu, nagwira nchito ya kutsogolera osewera ena pobisala m'dzina la William Goodrich. Anamwalira pa 29 June 1933 ali ndi zaka 46, atangoyamba kuonekanso m'kanema. Ndipo tisaiwale mkazi womwalirayo: pofuna kupulumutsa Arbuckle, anthu anafukula ndi kukuza zamanyazi za moyo wace, iye ali m'manda, wosakhoza kudziyankhira. Lilime la khamu linadya onse awiri.

Nanga nyuzipepala icitiranji cotero? Cifukwa iri ndi mwini wace, ndipo mwiniyo ali ndi mimba ndi adani monga ife. Hearst yemweyo, m'caka ca 1941, pamene mnyamata Orson Welles anaturutsa kanema wochedwa Citizen Kane, wofanizira mwini manyuzipepala wonga iye, analamula kuti mapepala ace asauchule kapena kuulengeza. Koma m'kusankha kumene magazini ya Sight and Sound ya ku London icita zaka 10 ziri zonse, odziwa za kanema anauika patsogolo pa onse kuyambira 1962 kufikira 2002. Taonani tsono: pamene phokoso linampindulira, anapfuula; pamene linamnyazitsa, anakhala cete. Cifukwa cace wowerenga wanzeru afunsa za cimene calembedwa, afunsanso za cimene casiyidwa.

Cinthu ici si catsopano. Pa 1 Mafumu 21 tiwerenga za Naboti wa ku Yezreeli, amene anakana kugulitsa munda wa makolo ace kwa mfumu Ahabu. Yezebeli sanatenge mkondo, anatenga colembera. Analemba akalata m'dzina la mfumu, nawasindikiza ndi cosindikizira cace, ndipo akuru a mudzi poona zolembedwa sanafunse kanthu. Anaimika mboni ziwiri zonama, ndipo anthu anamponya miyala Naboti, nafa. Ambiri a oponya miyalawo sanapeke bodzalo. Anangolimva, nalikhulupira, natola mwala. Momwemo ife, pamene titumiza kwa anzathu nkhani yosatsimikizika ya woyimba kapena wosewera, tiri pakati pa otola miyala, cinkana mwala wathu uli waung'ono.

Kapena wina adzati, Nanga ochuka sacimwa kodi? Tiziwabisira zoipa zao? Iai, abale. Acimwa ndithu, ndipo ena abisala m'mbiri yao pozunza ofoka. Mneneri Natani sanaope Davide cinkana anali mfumu ndi woyimba wamkuru wa Israyeli. Wolakwiridwa ayenera kumveka, ndipo mlandu uyenera kufika pabwalo. Koma Natani anapita kwa mwini wace ndi coonadi codziwika. Sanayendayende m'misika ndi mphekesera. Cilamulo ca Mose comwe cinakana kutsutsa munthu pa mau a mboni imodzi. Kufuna cilungamo ndi kukondwera ndi kugwa kwa mnzako ndi zinthu ziwiri, ndipo mtima wako udziwa cimene uli naco pamene ufulumira kuuza anzako.

Cifukwa cace ndikupemphani zinthu zitatu. Coyamba, siyanitsani nchito ndi munthu. Nenani momasuka kuti nyimbo iyi siikoma, kapena kuti kanema uyu sayenera ana athu. Kumeneko ndiko kuyesa zinthu, ndipo Mkristu ayenera kutero. Koma za moyo wa munthu musanene cimene simungathe kucinena iye ali pomwepo. Caciwiri, pomva nkhani funsani kuti, Waona ndi maso ndani? Apindula ndani ndikaikhulupira? Winayo wayankha ciani? Cacitatu, mukamva kuti amene munamnenera wamasulidwa, bwererani kwa omwe munawauza, muwauzenso cimeneco ndi mau okweza monga poyamba. Ici ndico cibvuta koposa, pakuti cinenezo cilembedwa ndi malemba akuru patsogolo, koma cimasulo cipezeka m'kangondya.

Akuru anatinso, Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Masiku ano munthu wa m'mudzi akhoza kugona wosadziwika, nadzuka nkhope yace iri pa mafoni a dziko lonse. Tsiku limenelo udzafuna munthu mmodzi wonena kuti, Tadikirani, timve kaye. Khala iwe munthu ameneyo lero. Ambuye wathu Yesu anaimikiridwa mboni zonama, ndipo khamu limene silinafunse kanthu linampfuulira kuti afe. Adziwa kuwawa kwace. Iye asunge pakamwa pathu ndi zala zathu, kuti tisangalale ndi nyimbo zokoma osadya mbiri ya woyimba. Amen.