Kodi Nambala Idyeka?

Nambala yake ndi 3,333,360. Si ndalama, si matumba a chimanga, si chiwerengero cha anthu a m'boma lina lake ayi. Awa ndi mapointi omalizira amene munthu angapeze pa masewero a Pac-Man, ndipo ukafika pamenepa ndiye kuti wagunda khoma, kutsogolo kulibenso njira. Pa 3 July 1999 bambo wina wa ku Florida, Billy Mitchell, yemwe malonda ake ndi ogulitsa sosi wa tsabola, adakhala pamaso pa makina m'nyumba ya masewero yotchedwa Funspot ku New Hampshire m'dziko la America. Adasewera pafupifupi maola 6 osaphonya kanthu, ndipo adalengezedwa kuti ndiye munthu woyamba kuifika nambalayi.

Nditawakambira nkhaniyi amalume anga, omwe adapuma pantchito yauphunzitsi, adandiyang'anitsitsa kwa kanthawi, kenaka nkuti, "Tsono mphwanga, atamaliza pamenepo, nambalayo adaidya?"

Tidaseka tonse. Koma funsoli lakhala likundizungulira m'mutu, chifukwa silachibwana monga limvekera. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, wa banja lake, kutha zaka akuthamangitsa nambala yomwe singagule ngakhale mchere: kodi tizimutcha chitsiru, kapena pali china chimene iye akuona chomwe ife sitikuchiona? Ndipo ngati nambalayo ilidi yopanda pake, nanga bwanji anthu afika potengerana kukhoti chifukwa cha iyo?

Kwa inu awerengi amene simudawaonepo makinawa, ingoganizirani kabati yaitali ngati munthu, pamwamba pake galasi longa la wailesi ya kanema, pansi pa galasilo kandodo kowongolera ndi mabatani, kenaka kabowo koponyamo ndalama yachitsulo. Ku America inali ndalama ya masenti 25. Eni makinawa sankafuna kuti usewere nthawi yaitali. Phindu lawo linali pakuti ugonje msanga, upise m'thumba, uponyenso ina. Nyambo yake inali nambala ya pamwamba pa galasi. Space Invaders, yomwe idatuluka ku Japan mu 1978, inkasunga mapointi a katswiri woposa onse kuti aliyense wobwera pambuyo aziwaona. Asteroids, ya mu 1979, inkalola katswiriyo kulembapo malembo atatu a dzina lake. Malembo atatu basi! Koma anyamata adatha malipiro awo pofuna kuti timalembo timeneti tikhale pamwamba pa ta anzawo.

Vuto linali lakuti sitolo iliyonse inali ndi mfumu yakeyake, ndipo aliyense ankatha kudzitama kuti kwawo adachita zakutizakuti. Apa mpomwe adatulukira Walter Day, mwini nyumba ya masewero yotchedwa Twin Galaxies m'tauni yaing'ono ya Ottumwa ku Iowa. Mu 1982 iye adayamba kusunga kaundula wa marekodi, ndipo pambuyo pake ankaoneka m'mipikisano atavala malaya amizeremizere ngati woyimbira mpira. Kuyambira pamenepo, kuti nambala ikhale rekodi, pankafunika mboni.

Tsopano tione zimene nambalazi zimalira. Mu January 1984 mnyamata wa ku Ottumwa komweko, Tim McVey, adasewera Nibbler, masewero a njoka yomwe imatalika ikamadya, kwa maola oposa 40 pa ndalama imodzi, mpaka adapyola mapointi 1 biliyoni. Mufunsa kuti nanga kuchimbudzi ankapita bwanji? Akatswiri a mtundu uwu amayamba aunjika miyoyo yapadera yambirimbiri, kenaka nkusiya makina akudzisewera okha, miyoyo ija ikutha umodziumodzi, iwo ali kuseri. Amabwerera chothamanga isanathe. Pa Pac-Man nkhani si kupirira kokha. Mizukwa inayi yomwe imakuthamangitsa m'tinjira tija siyenda chisawawa, uliwonse uli ndi lamulo lake, ndipo katswiri amaloweza njira zake ngati mwana wa sukulu aloweza matebulo. Kuti afike pa 3,333,360 ayenera kudya kadontho kalikonse, chipatso chilichonse ndi mzukwa uliwonse wodyeka m'magawo 255, osafa ngakhale kamodzi. Dzanja likangoterereka pa ola lachisanu, zonse zapita m'madzi.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandisangalatsa pa nkhaniyi, ndipo ndikhalepo pang'ono. Amene adapanga makinawa sadawakonzere mapeto. Toru Iwatani ndi anzake a ku Namco potulutsa Pac-Man mu 1980 adafuna kuti masewero azingopitirira mpaka wosewera atagonja. Koma kamalo kosungira nambala ya gawo m'kati mwa makinawo kamatha kusunga mpaka 255 basi. Ukalowa gawo la 256 makina amasokonezeka mutu, theka la galasi limadzaza zilembo ndi zinyalala zosadziwika, ndipo gawolo silitheka kulimaliza. Donkey Kong ya Shigeru Miyamoto, yomwe Nintendo idatulutsa mu 1981, nayo ili ndi matenda akeake. Pa gawo la 22 masamu owerengera nthawi amasefukira, ndipo kamunthu kako kamafa pakangotha masekondi owerengeka, chinyani chija chisanakugende nkomwe ndi mgolo. Ndiye kuti makina omwe adapangidwa kuti akudye iwe m'mphindi zochepa, munthu adalimbana nawo mpaka iwo ndiwo adayamba kugwa. Akuluakulu adati kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa. Ine sindingaone zimenezi nkunena kuti ndi uchitsiru chabe.

Amalume ndidawayankha ndi bawo yawo yomwe. Iwo amatha tsiku lathunthu pansi pa mtengo wa mango, ndipo sindidawaonepo akubwera kunyumba ndi ndiwo zochokera pa bawo. Katswiri wina wa nzeru zakuya, Bernard Suits, yemwe ankaphunzitsa ku Canada, adalemba buku lotchedwa The Grasshopper mu 1978, ndipo mfundo yake tingaifotokoze motere: masewero ndi pamene munthu asiya dala njira yapafupi nkusankha yovuta, popanda womukakamiza. Njira yapafupi yolowetsera mpira mu golo ndi kuunyamula m'manja nkuthamanga nawo. Koma ukatero sudagoletse chigoli, wangosamutsa mpira. Chigoli chimakhala chigoli chifukwa cha malamulo omwe adakumanga manja. Pa mfundo imeneyi, wa Pac-Man, wa bawo ndi wothamanga mtunda wautali ali m'bwato limodzi, ndipo woseka mmodzi aseke onse.

Komabe ndisanamizire kuti zonse zili bwino. Mu filimu ya mu 2007 yotchedwa The King of Kong muli Steve Wiebe, bambo wofatsa wa ku Redmond m'chigawo cha Washington, yemwe ntchito itamuthera adaika makina a Donkey Kong m'galaja nkuyamba kulondola rekodi ya Billy Mitchell ya mapointi 874,300 ya mu 1982. Pa tepi yomwe adajambula akuswa rekodiyo mumamveka mwana wake wamng'ono akulira, kuitana bambo ake kuti adzamuthandize kuchimbudzi, bambo maso ali pagalasi, kumupempha kuti adikire. Oonera amaseka pamenepa. Ine ndidaseka, kenaka ndidachita manyazi. Maola amene munthu amathira mu nambala amawachotsa penapake, ndipo kawirikawiri amene amalipira ndi mkazi ndi ana, omwe dzina lawo silidzalembedwa pa kaundula aliyense. Funso la amalume likadakhala lakuti "adalipira ndani?" ndikadasowa poyankha. Komatu mlandu umenewu si wa masewero okha. Ngwa aliyense wogwidwa ndi chinthu chimodzi, kaya ndi woyimba, wandale kapena mlembi wa nkhani ngati ino.

Pomwe pagona nkhani yanga ndi pa bodza. Mu 1982 Todd Rogers adati adamaliza mpikisano wa galimoto pa masewero a Dragster m'masekondi 5.51. Awa anali masewero a pa Atari 2600, makina a m'nyumba, koma rekodi yake inkasungidwa m'kaundula yemweyo wa Twin Galaxies. Idakhala zaka 35 popanda woifika. Kenaka katswiri wina wa makompyuta, Eric Koziel, adafukula malamulo onse a m'kati mwa masewerowo nkuwerengera kuti ngakhale munthu atasewera mosaphonya konse, sangatsike kupyola 5.57. Mu January 2018 a Twin Galaxies adafufuta marekodi onse a Rogers nkumuletsa kupikisana nawo.

Chaka chomwecho mkuntho udafika kwa Billy Mitchell. Marekodi ake ena a Donkey Kong opyola mapointi 1 miliyoni adalandiridwa kudzera pa matepi a vidiyo. Munthu wina wodziwa bwino masewerowa, Jeremy Young, adapenda matepiwo chithunzi ndi chithunzi, nkuona kuti mmene zitsulo zoyendapo kamunthu kaja zimaonekera gawo likamayamba sizikufanana ndi mmene makina enieni amazijambulira. Adati zikufanana ndi MAME, pulogalamu ya pakompyuta yotsanzira makina akale. Kusiyana kwake nkwakukulu, chifukwa pa kompyuta munthu atha kuimitsa masewero, kubwerera pomwe adalakwa nkuyambiranso, kenaka nkulumikiza zidutswa zabwino zokhazokha. Mu April 2018 a Twin Galaxies adagamula kuti matepiwo sadachokere pa makina enieni osasinthidwa, ndipo adachotsa marekodi onse a Mitchell, ndi ya Pac-Man ija yomwe. Iye wakhala akukana kwamtuwagalu kuti sadabere. A Guinness adamuchotsa, koma mu 2020 adamubwezeretsa. Adasumira Twin Galaxies kukhoti, ndipo mu January 2024 mbali ziwirizi zidagwirizana mlandu usanazengedwe, marekodi ake nkuikidwa m'gawo losungira mbiri yakale. Ine si woweruza, ndipo sindigamula mlandu umene khoti silidagamule. Chimene ndikufuna tione nchakuti anthu ochuluka adatha miyezi, osalipidwa, akupenda timizere ta pa tepi yakale. Chifukwa chiyani?

Ndikuganiza kuti yankho lili m'funso la amalume lomwe lija. Wakuba chimanga akaphika nsima amakhuta ndithu, chifukwa chimanga chakuba ndi chimangabe. Wogula satifiketi yabodza atha kupeza nayo ntchito nkumalandira malipiro enieni. Koma nambala ya Donkey Kong ilibe ufa m'kati. Zonse zimene ili nazo ndi umboni wakuti munthu wakutiwakuti, tsiku lakutilakuti, adachita chinthu chovuta ndi manja ake. Ukachotsapo choonadi chimenechi sipatsala kalikonse, ngakhale gaga. Nchifukwa chake anthu a masewerowa amaoneka ouma mtima pa tinthu ting'onoting'ono, kufuna kuti makina atsegulidwe, bolodi la m'kati liunikidwe, kamera ionetse manja ndi galasi nthawi imodzi. Sakutchinjiriza chuma. Akutchinjiriza chinthu chokhacho chimene nambalayo yapangidwa nacho.

Ndipo wobera pano amaba kanthu ndithu, ngakhale si nambala. Amaba zaka za anzake. Taganizirani anthu amene adalimbana ndi 5.51 ija usiku ndi usiku, nkumafika pa 5.57, nkumadziona operewera, osadziwa kuti afika kale pamapeto penipeni pa zotheka. Iwo ndiwo anali akatswiri, koma adauzidwa kuti ndi achiwiri. Amene adalembapo mayeso moona mtima nkuona mnzake wolowa ndi likasa akutchulidwa woyamba akudziwa kuwawa kwake, ngakhale asanagwirepo kandodo ka makina chibadwire.

Nanga woona mtimayo amapindulanji? Nkhani ya Scott Safran imandivuta kuiika mbali imodzi. Mu November 1982, ali ndi zaka 15, mnyamatayu adapeza mapointi 41,336,440 pa Asteroids ku Pennsylvania. Kenaka adapitiriza moyo wake, nkuzimirira. Rekodi idakhala chikhalire, ndipo Walter Day adatha zaka akumufunafuna kuti amupatse ulemu wake. Mu 2002 mpomwe zidadziwika kuti Safran adamwalira kale mu 1989, atagwa kuchokera pamwamba pa nyumba ku Los Angeles pofuna kupulumutsa mphaka wake. Satifiketi adalandira ndi abale ake. Mwini wake sadadziwe kuti nambala yake idzakhala zaka 27 osagwedezeka, mpaka John McAllister adaiposa mu 2010 atasewera maola pafupifupi 58. Wina atha kunena kuti apa mpomwe paonekera kupanda pake kwa zonsezi, poti mwini nambala adapita osaidyerera. Ine ndimaona kuti mwana wa zaka 15 adachita chinthu chimodzi bwino kwambiri koti anthu osamudziwa adayenda mtunda kufunafuna banja lake patatha zaka 20. Ambiri a ife, ndi ntchito zathu zodyeka, sitidzafunidwa chotero.

Amalume sadagonje, ndipo sindidayembekeze kuti agonja. Adangoti azungu ali ndi nthawi yotaya, nkunyamula chipewa kulunjika ku mtengo wa mango.

Ku Donkey Kong nako mpikisano sudathere pa Mitchell ndi Wiebe. Mu 2010 rekodi idapita kwa Hank Chien, dokotala wa maopaleshoni wa ku New York, ndipo pambuyo pake idadutsa m'manja mwa achinyamata ena. Poti masewero amathera pa gawo la 22, chomwe chatsala ndi kufinya timapointi m'magawo omwewo, monga mayi afinyira nsinjiro. Mu January 2021 John McCurdy adafika pa 1,272,700. Mu June chaka chomwecho Robbie Lakeman adafika pa 1,272,800. Pa masewero otenga maola angapo, awiriwa adasiyana ndi mapointi 100, omwe ndi malipiro a kudumpha mgolo umodzi.